Insulini Ikachita Timibulu, Musadzibaye Nayo

Uthengawu ndi wa odwala matenda a shuga amene amadzibaya jakisoni, ndiponso owasamalira.

Insulini ndi puloteni, ndipo puloteni sagwirizana ndi kutentha. Dzira likapsa, choyera chake chija sichibwereranso mwakale. Insulini nayonso ikawombedwa ndi dzuwa, ikaundana mufiriji, kapena ikakhutchumulidwa mwamphamvu, tizigawo take timamatana tokhatokha n'kupanga timibulu. Ikatero mphamvu yake yachepa. Munthu amadzibaya mlingo wa masiku onse koma shuga osatsika, n'kumaganiza kuti matenda akula, chonsecho vuto lili m'botolo.

Yang'anani botolo powala musanakoke mankhwala. Insulini yooneka ngati madzi, monga Actrapid, iyenera kukhala yoonekera mkati ngati madzi oyera. Ikachita mbuu kapena tizinthu tikamayandama, yawonongeka.

Imene imasokoneza ambiri ndi yotuwa ija, monga Insulatard ndi Mixtard. Kutuwako n'kwadala. Anaisakaniza ndi puloteni wina wotchedwa protamine, wochokera ku nsomba, amene amagwira insulini n'kumaitulutsa pang'onopang'ono pansi pa khungu. Mtundu umenewu anaupanga ku Denmark mu 1946. Choncho ikadikha pansi pa botolo musadabwe. Ipukuseni mofatsa pakati pa zikhato mpaka itasakanikirana bwinobwino, osaikhutchumula. Koma timibulu tikakana kusungunuka, kapena zoyera zikamatirira m'mbali mwa galasi, botololo latha ntchito.

Botolo losatsegula likhale mufiriji pa madigiri 2 mpaka 8, kutali ndi mouma madzi. Lomwe mwayamba kugwiritsa ntchito lisapitirire madigiri 30, ndipo ambiri amatha ntchito pakapita pafupifupi milungu 4. Werengani kapepala ka m'bokosi, mulembenso tsiku lotsegulira.

Ambirife firiji tilibe, ndipo mu Okutobala ndi Novembala ku Nsanje ndi Chikwawa kutentha kumadutsa madigiri 40. Mtsuko wadothi umathandiza: thirani mchenga wonyowa, kwiriranimo kachitini kotseka bwino kokhala ndi botololo, muuike pamthunzi podutsa mphepo. Botolo lisamire m'madzi. Paulendo musalisiye m'thumba la buluku kapena pawindo la minibasi.

Mukaona timibulu, pitani nalo kuchipatala tsiku lomwelo akakupatseni lina. Kukhala osabaya n'koopsanso. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kusanza kapena kupuma mwabefu musazigonere kunyumba.