Zimene magazi a ng'ombe yotsokomola angatiuze

Ng'ombe ikamatsokomola, kutuluka mamina ndi kupuma mobanika, mlimi amati ndi chibayo, ndipo kawirikawiri salakwa. Koma mavairasi oyambitsa zimenezi ndi angapo, ndipo ngakhale ife madokotala a ziweto sitingawasiyanitse ndi maso. Otchuka ndi anayi: oyambitsa matenda a IBR ndi BVD, kenako BRSV ndi PI3. Iwowa amafooketsa njira yopumira. Omaliza ng'ombe nthawi zambiri amakhala mabakiteriya obwera pambuyo, monga Mannheimia haemolytica.

Ku labotale, njira yozolowereka ya ELISA nthawi zambiri imafufuza vairasi imodzi pakamodzi. Njira ya multiplex imafufuza onse nthawi imodzi m'kadontho ka magazi. Magaziwo amasakanizidwa ndi timikanda tosaoneka ndi maso, ta mitundu yosiyanasiyana, ndipo mtundu uliwonse umakhala utamatidwa kachidutswa ka vairasi yakeyake. Ngati ng'ombe ili ndi asilikali olimbana ndi vairasiyo, amene timawatcha ma antibody, amakakamira pa mkandawo, makina n'kuwerenga. Kwa woyeza khola lonse, nthawi ndi magazi zimapulumuka.

Pomwe ambiri amasochera ndi pomasulira zotsatira. Asilikaliwa ali ngati mapazi a fisi pakhola: amasonyeza kuti anadutsa, koma sanena kuti ndi liti. Ng'ombe yobayidwa katemera imakhala nawo. Mwana wa ng'ombe amawayamwa mu mkaka woyamba wachikasu uja, n'kukhala nawo kwa miyezi ingapo asanadwaleko n'komwe. N'chifukwa chake timatenga magazi kawiri, poyamba matenda akangoyamba, kenako pakatha masabata awiri kapena anayi. Asilikali akachuluka kuwirikiza kanayi, pamenepo tinganene kuti vairasiyo yalowa posachedwa. Pepala la kuyeza kamodzi kokha ine sindiliwerengera kwenikweni.

BVD ndiye ili ndi msampha wakewake. Mwana wa ng'ombe akatenga vairasiyi ali m'mimba, m'miyezi inayi yoyambirira ya bere, thupi lake limaiona ngati yakeyake ndipo silipanga asilikali olimbana nayo. Amaifalitsa moyo wake wonse, koma pa kuyeza kwa asilikali amaoneka woyera. Wotereyu amagwidwa pofufuza vairasi yeniyeniyo, kaya ndi PCR, njira ya ku labotale yofufuza chibadwa cha vairasi, kapena poyeza kachikopa kodulidwa kukhutu, ndipo akapezeka ayenera kuchotsedwa m'khola.