Kunena kuti "kufuna kwanu kuchitidwe" si kuchepa kwa chikhulupiriro

Pali chiphunzitso chimene chafala m'mafelosipi ndi m'mapemphero ochezera usiku, ndipo tsopano chalowa ngakhale m'milaga ndi m'miphakati yathu. Ine chanditopetsa. Akuti munthu wachikhulupiriro sanena kuti "ngati nkufuna kwanu" popemphera, chifukwa amenewo ndi mawu a munthu wokayika. Akuti lamula, lengeza, landira. Ndiye mumamva mkhristu akukuwa kuti "ndikulamula ntchito yanga ituluke sabata ino," ngati kuti Mulungu ndi mnyamata wapakhomo wongodikira kutumidwa. Abale ndi alongo, amene anakuphunzitsani zimenezi sanawerenge za ku Getsemane, kapena anawerenga n'kudumpha dala.

Nkhaniyi ili pa Mateyu 26 kuyambira ndime 36, pa Maliko 14 kuyambira ndime 32, ndi pa Luka 22 kuyambira ndime 39. Tatsatirani m'mene Yesu anapempherera monga Maliko akulongosolera pa ndime 36. Akuyamba ndi kuitana, "Abba, Atate," n'kuvomereza kuti zinthu zonse n'zotheka kwa Atatewo. Kenako akupempha mosabisa kuti chikho cha masautso chimuchokere. Sakunamizira kulimba mtima ayi, wagwa nkhope pansi ndipo wauza kale ophunzira atatu amene anapita nawo kuti moyo wake uli wozingwa ndi chisoni chofa nacho. Akatero m'pamene akunena mawu amene ambiri sakuwafuna lero: si chimene ndifuna Ine, koma chimene mufuna Inu. Mateyu akuti anapemphera chotero katatu. Chikho sichinachoke. Chimene chinabwera, malinga ndi Luka, ndi mngelo wodzamulimbikitsa. Atatha, anadzutsa ophunzira ake n'kupita kukakumana ndi omugwira.

Kodi pali amene angaime pa guwa n'kunena kuti Yesu chinamuchepera chikhulupiriro usiku umenewo?

Ndikudziwa ndime zimene muzitchule. Yohane 14:13-14, pamene Yesu akulonjeza kuchita chimene tipempha m'dzina lake, ndi Maliko 11:24, pamene akuti chimene tipempha tikhulupirire kuti tachilandira ndipo tidzakhala nacho. Ndime zimenezi ndi zoona ndipo sindikuzichepetsa. Vuto ndi loti mawu akuti "m'dzina la Yesu" tawasandutsa chidindo chomenya kumapeto kwa chilichonse chimene mtima wathu walakalaka. Nyakwawa ikamayankhula m'dzina la mfumu imanena zimene mfumuyo yaituma. Ikayamba kugawa minda mwa iyo yokha, n'kumati "afumu atero," imeneyo si nyakwawanso, ndi wakuba. Yohane yemweyo m'kalata yake yoyamba, 5:14, akumasulira bwino lomwe kuti Mulungu amatimvera tikapempha monga mwa chifuniro chake. Yakobo 4:3 ndiye sanyengerera: mumapempha osalandira chifukwa mumapempha koipa, kuti mukamwaze pa zokhumba zanu.

Ndipo musaganize kuti kulandira chimene mwaumirira ndi dalitso nthawi zonse. Akuluakulu amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Aisraeli analirira mfumu pa 1 Samueli 8, anachenjezedwa kuti idzawatengera ana awo ndi minda yawo, iwo n'kukakamirabe, ndipo anapatsidwa.

Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, yankho linali lakuti chisomo chikumukwanira (2 Akorinto 12:7-9). Pa Machitidwe 12, Herode anapha Yakobo ndi lupanga, koma Petro anatulutsidwa m'ndende ndi mngelo. Mpingo wake unali umodzi womwewo wa ku Yerusalemu. Sadrake, Mesake ndi Abedinego anauza Nebukadinezara kuti Mulungu wawo akhoza kuwalanditsa, n'kuwonjezera kuti ngakhale akapanda kutero, fanolo salilambira. Mawu akuti "akapanda kutero" amenewo ndiwo chikhulupiriro chokhwima, pakuti munthu wotero wagwira Mulungu mwini wake, sanagwire chozizwitsa.

Tsopano ndifike pa chimene chimandipweteka, chifukwa nkhaniyi sithera pa kutsutsana za ndime. Imathera kumanda.

Zimachitika motere, ndipo zikubwerezabwereza m'madera ambiri. Mayi wakhala akumwa ma ARV kwa zaka, thupi labwerera, akulima, akuchita geni, ana akupita kusukulu. Kuchipatala amuuza kuti kachilombo sikakuonekanso m'magazi. Iye akupita kwa mneneri, amupempherera, amuuza kuti wachira ndipo kupitiriza mankhwala ndi kunyoza Mulungu. Botolo la mankhwala akulitula kutsogolo, anthu akululutira, wina akujambula pa foni kuti umboni ufike pa WhatsApp. Kabuku ka kuchipatala kakuponyedwa pansi pa sutikesi. Chimene sanamuuze n'chakuti kusaoneka kwa kachilombo m'magazi ndi ntchito ya mankhwala omwewo. Ma ARV sachotsa kachilombo m'thupi, amakapanikiza kuti kasaswane. Ukasiya, pakangopita masabata ochepa kamayambanso kuchulukana, chitetezo n'kumatsika mwakachetechete munthu akuonekabe bwinobwino. Miyezi ikapita, chifuwa chayamba, kutsegula m'mimba kosatha, zilonda m'kamwa moti ngakhale phala likuvuta kumeza. Akabwerera kwa mneneri uja akuuzidwa kuti anakayika, kapena kuti pali wachibale amene akumutchinga, afese mbewu ina yokulirapo. Manyazi amuletsa kubwerera kuchipatala, poti anachitira kale umboni pagulu. Pomwe abale akumunyamula pa njinga kupita naye, nthawi yatha.

Ndiye pamaliro wina amaimirira n'kunena kuti chinali chifuniro cha Mulungu. Apa ndiye mtima wanga umawawa. Mawu amene anawakana m'pemphero mayiyo ali moyo, akuwatulutsa pamanda kuti aphimbe mlandu wawo. Sichinali chifuniro cha Mulungu kuti ana aja akhale amasiye. Kunali kumuyesa Mulungu, tchimo lomwe Satana anafuna kugwetsera Yesu pamwamba pa Kachisi, atatchula ngakhale Salimo 91, Yesu n'kumuyankha kuti usamuyese Ambuye Mulungu wako.

N'chimodzimodzi ndi wa TB amene wasiya mankhwala mwezi wachiwiri poona kuti chifuwa chaleka, pamene amayenera kumwa miyezi 6. N'chimodzimodzi ndi wa matenda a shuga amene akuuzidwa kusala kudya masiku angapo kuphiri osafunsa dokotala, ndi mwana wotentha thupi amene akugonekedwa m'chipinda cha mapemphero masiku atatu pamene malungo akhoza kupha mwana m'masiku ochepa chabe. Kukwera phiri la Bunda kapena la Soche kukapemphera si kulakwa, Yesu nayenso ankapita kuphiri. Koma tengani mankhwala anu m'thumba. Baibulo silidana ndi mankhwala. Luka anali sing'anga, ndipo Paulo akumutchula wokondedwa pa Akolose 4:14. Hezekiya atapemphera n'kumvedwa, Yesaya analamulabe kuti amuike nkhuyu pachithupsa. Paulo yemwe anachiritsa anthu anasiya Trofimo akudwala ku Mileto.

Chizindikiro chosavuta chozindikirira wonyenga ndi mtengo. Mafuta a ndalama zakuti, madzi a ndalama zakuti, kuonana ndi "papa" pawekha ndalama zakuti. Elisa anakana mphatso za Namani, ndipo Gehazi amene anazithamangira anatenga khate. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu, Petro anamuuza kuti ndalama yake itayike naye pamodzi. Chizindikiro china ndi chakuti munthu wotere salakwa. Zikatheka, ulemu ndi wake. Zikakanika, wolakwa ndinu.

Palinso kulakwitsa kwa mbali inayo, ndipo kumapezeka kwambiri pakati pa ife a mipingo yakale. Ena amati kugonjera Mulungu ndi kukhala chete osapempha kanthu, zonse n'zolembedwa. Ameneyo wadumpha chigawo chachiwiri cha pemphero la ku Getsemane. Hana analira m'nyumba ya Yehova ku Silo mpaka Eli anamuyesa woledzera. Davide anasala kudya n'kugona pansi chifukwa cha mwana wake wodwala, ndipo mwanayo atamwalira tsiku lachisanu ndi chiwiri m'pamene anadzuka, nasamba, nakalambira. Pemphani, tchulani chinthucho ndi dzina lake, bwerezani. Ndipo musalole munthu auze mayi amene akumenyedwa usiku uliwonse kuti "pirirani, ndi mtanda wanu." Nkhanza za mwamuna si chifuniro cha Mulungu. Mayi ameneyo apite kwa ankhoswe, kwa akulu a mpingo, ndipo moyo ukakhala pangozi apite kupolisi.

Mudziwa bwanji tsono kuti mwaperekadi zofuna zanu? Anthu amathamangira kufunsa zobisika: ndikwatiwe ndi uyu kapena uyo, ndipite ku Joni kapena ndikhale. Yambani ndi zimene zinaululidwa kale. Ngati ntchito imene mukuipempherera ikufuna satifiketi yachinyengo kapena chiphuphu, simufunika masomphenya, yankho lilipo kale. Ngati mwamuna amene mukumusalira kudya ali ndi mkazi wake, lekani kusalako mukadye. Mukamaliza kupempha, dzifunseni moona mtima kuti, Mulungu akati ayi, kodi Lamulungu likudzali ndidzapezeka m'nyumba yake? Yankho likakhala lovuta, muuzeni zomwezo, ndipo bwererani mawa. Kugonja sikubwera tsiku limodzi, n'chifukwa chake pemphero la Ambuye timalinena kawirikawiri, ndipo m'menemo "kufuna kwanu kuchitidwe" kumatsogola, chakudya chalero chimabwera pambuyo. Fotokozeraninso mkhristu wina wokhwima amene sapindula kanthu pa chisankho chanucho, chifukwa mtima umatha kutchula chilakolako chake kuti ndi mawu a Mzimu.

Kwa inu amene munasiya kale mankhwala chifukwa cha mawu a munthu, musadikire kuti muyambe kumva kupweteka. Fukulani kabuku kaja, mupite kuchipatala sabata yomwe ino, ndipo mukawauze zoona za nthawi imene mwakhala osamwa, chifukwa kumwa modumphadumpha kumachititsa kachilombo kupima, kutanthauza kusamvanso mankhwala, ndipo iwo ayenera kudziwa kuti akuthandizeni moyenera. Ngati manyazi akukugwirani, pemphani mkulu wa mpingo kapena mayi wa chigwirizano amene mumamukhulupirira akuperekezeni.