Phata la atomu nalo limawira

Ambiri tinamvapo kuti phata la atomu ya yureniyamu limagawika pawiri, zomwe Otto Hahn ndi Fritz Strassmann anatulukira ku Berlin mu 1938. Komatu kugawika kumeneko n'kofatsa. Phata lolemera likawombedwa mwamphamvu zedi silithyoka pakati ayi, limamwazika: kachidutswa ka lithiyamu apa, ka kaboni apo, mapulotoni ndi manyutuloni, tinthu timene timapanga phatalo, ali balalabalala.

Tiyeni tione golide. Phata lake lili ndi mapulotoni 79 ndi manyutuloni 118, othinana ngati dontho la madzi. Mukalitenthetsa pang'ono limangotaya tinthuti kamodzikamodzi, monga amaphwerera madzi a m'beseni padzuwa. Koma kalikonse ka m'katimo kakalandira mphamvu yopitirira pafupifupi 3 MeV (MeV ndi muyezo wa mphamvu ya tinthu ting'onoting'ono ngati timeneti), dontho lija limafufuma, m'kati mwake mumachita mipata, basi n'kusweka nthawi imodzi. Zonsezi zimachitika mwachangu zedi: zimafika kumapeto kuwala kutangoyenda mtunda wa maphata khumi ondandalikidwa pamzere, mwinanso osakwana.

Chimene chimandigwira mtima ndi zomwe gulu la asayansi lotchedwa ALADIN linalengeza mu 1995 kuchokera ku labotale ya GSI ku Darmstadt, m'dziko la Germany. Anawombanitsa golide ndi golide mnzake, n'kuyeza kutentha kwa zotsalazo. Kanthu kotere simungakapise choyezera kutentha, choncho anawerenga mitundu ya heliyamu ndi lithiyamu imene inatulukamo, poti kuchuluka kwa mtundu uliwonse kumatsatira kutentha. Anapeza kuti powonjezera mphamvu kutentha kumakwera, kenako kumaima pafupi ndi 5 MeV, amene ndi madigiri oposa 50 biliyoni, ngakhale mphamvu izipitabe. Patsogolo pake m'pamene kumakweranso.

Aliyense wotereka madzi a nsima wazionapo izi. Madzi akayamba kubwata, sonkhezani nkhuni mmene mungathere, satenthanso kuposa pamenepo. Moto wonse ukuthera kuwasandutsa nthunzi. Phata likuchita chimodzimodzi, ndipo tizidutswa tija ndi madontho oyandama mu nthunzi yake.

Akatswiri anatsutsana kwa zaka zambiri za kayezedwe kameneka, ndipo m'pomveka: mu poto muli tinthu tosawerengeka, m'phata la golide muli tosakwana 200. Ine ndimaona kuti mkanganowo unali woyenera, chifukwa kutentha ndi kuthinana kofanana ndi kumeneku kumapezekanso nyenyezi yaikulu ikamaphulika pakufa kwake, ndipo ofufuza za nyenyezi amadalira miyezo yomweyi powerengera zochitika m'kati mwake.