Anthu a pasipoti yotuwa ku Estonia, nkhaniyi inayambira pati?

Mu Malichi 2025 nyumba ya malamulo ya ku Estonia, yomwe eni ake amaitcha Riigikogu, inasintha malamulo aakulu a dziko kuti anthu okhala mdzikomo koma ali ndi pasipoti ya dziko la kunja kwa mgwirizano wa maiko a ku Ulaya wa EU, monga Russia kapena Belarus, asamavotenso pa zisankho za makhansala. Aphungu alipo 101 ndipo oposa 90 anavomereza. Ambiri anangoti ndi za nkhondo ya ku Ukraine basi, koma lamulo lomwelo linakhudzanso gulu lina lomwe silitchulidwa kawirikawiri, anthu opanda unzika wa dziko lililonse, a pasipoti yotuwa. Awawa anawalola kuvota komaliza mu Okutobala 2025.

Estonia ndi kadziko kakang'ono m'mphepete mwa nyanja ya Baltic, Finland ili kutsidya kumpoto, Latvia kummwera, Russia kummawa. Malo ake ndi masikweya kilomita pafupifupi 45,000, theka ndi nkhalango, ndipo anthu onse sakwana 1.4 miliyoni. Kuchepa kwa anthuku ndi komwe kumabweretsa mantha onse.

A ku Estonia analandira ufulu mu 1918, kenako mu 1940 asilikali a Soviet Union analowa potsatira pangano lachinsinsi la Molotov ndi Ribbentrop, nduna za Soviet Union ndi Germany ya Hitler. Mu Juni 1941 anthu pafupifupi 10,000 anakwezedwa m'mabogi kupita nawo ku Siberia, mu Malichi 1949 enanso pafupifupi 20,000. Moscow mpaka pano imati Estonia inalowa yokha mu Soviet Union mwakufuna kwake, koma nyumba ya malamulo ya Soviet Union yomweyo inavomereza mu Disembala 1989 kuti pangano lachinsinsi lija linalipodi, ndiye apa a Estonia akunena zoona. Tauni ya Narva, yomwe ili pamalire penipeni mtsinje wokha ndiwo wailekanitsa ndi tauni ya Ivangorod ya ku Russia, inaphwasulidwa ndi mabomba mu 1944 ndipo eni ake ambiri sanaloledwe kubwerera, m'malo mwake boma linabweretsa antchito ochokera ku Russia, Ukraine ndi Belarus kudzagwira ku fakitale ya nsalu ya Kreenholm ndi m'migodi ya m'chigawo chomwecho cha Ida-Viru. Mu 1934 a mtundu wa Estonia anali 88 pa anthu 100 alionse, pofika 1989 anali 61 okha.

Pamene zinthu zinakhotera ndi 1991 mpaka 1993. Mu Malichi 1991 kunachitika referendamu yofunsa za ufulu, nzika zakale ndi obwera omwe anavota limodzi, ndipo pafupifupi 78 pa 100 anati inde, kusonyeza kuti olankhula Chirasha ena ndithu anavotera ufulu. Ufulu unabwerera pa 20 Ogasiti 1991. Koma mu Febuluwale 1992 anaukitsa lamulo la unzika la 1938, loti nzika ndi amene anali nzika mu Juni 1940 ndi ana awo, ena onse alembe mayeso a chilankhulo. Ganizo lake linali loti dziko silinafe, linangolandidwa, ndiye obwera pa nthawi ya kulandidwayo sangangosanduka nzika. Mwamalamulo zikumveka. Koma pafupifupi munthu m'modzi pa atatu alionse anadzuka alibe unzika, ena mwa iwo anabadwira m'chipatala cha ku Narva komweko ndipo sanakhalepo kwina. Pa chisankho cha Seputembala 1992 sanavote, ndipo mwa aphungu 101 onse munalibe wa mtundu wa Chirasha ngakhale m'modzi. Lithuania inapereka unzika pafupifupi kwa aliyense, komano kumeneko eni nthaka anali 80 pa 100, sankaopa kumezedwa.

Mu 1993 kunabweranso lamulo la alendo, anthu anaopa kuti athamangitsidwa, ndipo mu Julayi khonsolo za Narva ndi tauni yoyandikana nayo ya Sillamäe zinaitanitsa referendamu yawoyawo yofuna kudzilamulira. Okonza anati oposa theka anavota ndipo pafupifupi onse anati inde, boma ku Tallinn, likulu la dzikolo, linati chiwerengerocho chinafufumitsidwa, ndipo za amene ankanena zoona anthu amatsutsanabe. Khothi lalikulu linati referendamuyo ndi yosavomerezeka, a ku Narva anamvera. Palibe anaombera mfuti, pomwe ku Moldova zofanana ndi zimenezi zinali zitathera kunkhondo chaka chapitacho. Pulezidenti Lennart Meri anakana kusainira lamulo la alendo lija mpaka akatswiri a ku Ulaya ataliunika n'kulifewetsa, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho osakhala nzika anavota pa zisankho za makhansala. Ine ndimaona kuti voti imeneyi ndi yomwe inaziziritsa mitima, munthu anali ndi ponenera za sukulu, madzi ndi msewu wa kwawo. Ndi voti yomweyi yomwe yachotsedwa tsopano.

Zaka za pakatipa Estonia inalowa EU ndi NATO mu 2004, kunachitika zipolowe za chipilala cha msilikali wa Soviet Union ku Tallinn mu 2007, ndipo mu Ogasiti 2022 boma linachotsa kasinja wa Soviet Union wa T-34 yemwe anali chikumbutso ku Narva.

A pasipoti yotuwa atsala pafupifupi 60,000, ambiri ndi achikulire. Boma limati chitseko ndi chotsegula, alembe mayeso basi, ndipo kuyambira 2016 ana awo amabadwa ali nzika. Ena amati anthuwa amaisunga dala pasipotiyo chifukwa amalowa nayo ku Russia ndi m'maiko a Schengen, a ku Ulaya omwe anachotsa ziphaso pamalire awo, opanda viza, ndipo kwa ena ndi zoonadi. Koma Chiestonia sichifanana ndi Chirasha ngakhale pang'ono, m'bale wake ndi Chifinishi, ndipo gogo wa zaka 70 yemwe moyo wake wonse anagwira pa makina oluka nsalu, mu tauni yomwe pafupifupi aliyense pamsika ndi m'basi amalankhula Chirasha, mayeso amenewo sangawakhoze mophweka ayi.