Chifukwa chake akasinja oyamba owombera ndege analibe denga

Mukayang'ana zithunzi za akasinja owombera ndege a m'Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, muona kuti ambiri m'mbali monse muli chitsulo koma pamwamba ndi poyera, mitu ya asilikali ili pamtunda. Munthu angaganize kuti ndalama zinathera panjira. Ayi, ankawapanga choncho mwadala, ndipo vuto lake linali la masekondi.

Ndege yothamanga makilomita 500 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 140 pa sekondi imodzi. Mfuti ya mamilimita 20 (kukula kwa kukamwa kwake), yomwe inali yofala nthawi imeneyo, inkamenya bwino mpaka makilomita awiri basi. Ndiye kuti ndege ikalowa pomwe chipolopolo chanu chingafike, mwatsala ndi masekondi osakwana 15 kuti ifike pamutu panu. M'kanthawi kameneko muione, mudziwe ngati ndi ya adani, mutembenuze mfuti, muloze patsogolo pake poti chipolopolo chikamafika ndegeyo imakhala itasuntha, kenako muwombere. Radar, makina oona ndege ikadali kutali, yokwana pa kasinja kunalibe. Chodalira chinali maso ndi makutu, ndipo munthu wotsekeredwa m'chitsulo, akusuzumira pa kabowo injini ikubangula, saona kanthu kumwamba. Nawonso utsi wa onga unali vuto: mfuti zinayi zikamalira pamodzi m'kanyumba kotseka, anthu amabanika.

Nanga bwanji osangokoka mfuti ndi lole? Ankatero ndithu, koma mfuti yokokedwa imafuna kuimitsa lole, kuimasula ndi kuikhazika pansi, pomwe ndege zimakonda kugwira asilikali ali pa ulendo, atandandana mumsewu. Komanso lole imatitimira m'matope momwe kasinja amadutsa bwinobwino. Ganizo lokweza mfuti pa galimoto yachitsulo ndi lakale: mu 1906 kampani ya Ehrhardt ku Germany inaonetsa yowombera mabaluni a akazitape, ndipo mu 1915 asilikali a Britain anali ndi malole a Pierce-Arrow okutidwa chitsulo, onyamula mfuti yowombera mofulumira. Koma amenewa anali a mumsewu.

Kwa ine, amene anayamba kulipeza yankho labwino ndi a ku Sweden. Kampani ya Landsverk inatenga thupi la kasinja wake wopepuka, kulitalikitsa, n'kuikapo kanyumba kozungulira kopanda denga kokhala ndi mfuti ya Bofors ya mamilimita 40. Mfuti imeneyi inkalavula zipolopolo pafupifupi 120 pa mphindi, chilichonse cholemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo chimodzi chokha chikagunda ndege nthawi zambiri nkhani inkatha. Dziko la Finland linagula akasinja asanu ndi mmodzi otere mu 1942. Hungary inagula chilolezo n'kupanga ake 135, otchedwa Nimród. A Hungary anayesanso kuwatuma kukalimbana ndi akasinja a Soviet Union, koma pa kasinja wolimba wa T-34 mfutiyo inachepa mphamvu, choncho anawabwezera ku ntchito ya ndege.

Germany inachedwa chifukwa poyamba kumwamba kunali kwake. Mu 1941 inangopanga Flakpanzer I okwana 24, mfuti ya mamilimita 20 itakwezedwa pa kasinja wakale wamng'ono. Zinthu zinatembenuka mu 1943 ndi 1944. Kum'mawa kunali ndege za Soviet Union za Il-2 zokutidwa chitsulo kumimba, kumadzulo kunali Typhoon ya Britain yonyamula maroketi asanu ndi atatu ndi P-47 ya America. Ku Normandy, m'dziko la France, gulu la akasinja a Germany loyenda masana linkadziitanira tsoka. Apa mpomwe a Germany anayamba kuthamanga, ndipo zomwe anapanga pa thupi la kasinja wawo wamba, Panzer IV, zikuonetsa bwino mmene vutoli linkawazunguzira mutu.

Woyamba anali Möbelwagen. Mfuti ya mamilimita 37 inali pakati pa makoma anayi achitsulo. Kuti iwombere mbali zonse, makomawo ankawagwetsa, ndiye kuti pa nthawi yomwe asilikali ankafuna chitetezo kwambiri mpomwe ankakhala pambalambanda. Wirbelwind anakonza zimenezi: kanyumba ka mbali zisanu ndi zinayi, kozungulira pamodzi ndi mfuti, kotseguka pamwamba pokha. M'kati munali mfuti zinayi za mamilimita 20. Pa pepala zinkatha kutulutsa zipolopolo 1,800 pa mphindi, koma magazini iliyonse inkalowa zipolopolo 20 zokha, ndipo anthu awiri ankakhalira kusintha magazini ndi manja, moti pankhondo penipeni zinkafika cha m'ma 800. Kanyumbako nakonso ankakazunguza ndi manja.

Apa pali mkangano womwe opanga zida sanaumalize msanga: zipolopolo zing'onozing'ono zambiri, kapena zikuluzikulu zochepa? Zambiri zimakupatsa mwayi wogunda, koma pa ndege yolimba ngati Il-2 zimatha kugunda ndegeyo n'kupitirira ulendo wake. Chachikulu chimafika patali, chimaphwanya, koma ukaphonya waphonya. A Germany anapendekera ku chachikulu napanga Ostwind, kanyumba kofanana ndi ka Wirbelwind koma ka mfuti imodzi ya mamilimita 37. Anayesanso kotsekeratu, Kugelblitz, koma nkhondo inatha atangopanga oyesera ochepa.

Chiwerengero ndiye chinali chomvetsa chisoni. Panzer IV wamba anapangidwa oposa 8,000, pomwe Wirbelwind anali cha m'ma 100, ambiri pa matupi a akasinja obwera kudzakonzedwa, ndipo Ostwind sanafike n'komwe pamenepo. Ngakhale akanachuluka, ntchito yawo yeniyeni sinali kugwetsa ndege zambiri. Woyendetsa ndege akaona moto ukukwera kuchokera pansi amaponya mabomba ali patali, mwachangu, n'kuphonya. Gulu likafika komwe likupita lili lamoyo, kasinjayo wagwira ntchito, ngakhale asanagwetse ndege ndi imodzi yomwe.

Kumbali inayo zinali zosiyana. Britain inapita ku Normandy ndi akasinja a Crusader, ena a Bofors, ena a mfuti ziwiri za Oerlikon, koma ndege za Germany zinkaoneka mwa apo ndi apo, moti posakhalitsa magulu ambiri anathetsedwa. Canada inapanga Skink wa denga lotseka ndi mfuti zinayi, koma anathera pa atatu. America inali ndi M16, galimoto ya matayala kutsogolo ndi matcheni kumbuyo, yonyamula mfuti zinayi za mamilimita 12.7 zozunguzidwa ndi magetsi. Posowa ndege, asilikali anaziweramitsa n'kumawombera adani obisala m'nkhalango ndi m'nyumba, ndipo ku Korea anachitanso chimodzimodzi.

Denga linatheka radar itachepa thupi mpaka kukwana pa kasinja. ZSU-23-4 ya Soviet Union, yomwe inayamba ntchito m'zaka za m'ma 1960, inali ndi mfuti zinayi za mamilimita 23 zoziziritsidwa ndi madzi, ndipo makina ndiwo ankaona ndege ndi kuwerengera poloza, anthu ali m'kati motseka. Pa nkhondo ya mu 1973, ndege za Israel zomwe zinkatsika pansi pothawa mizinga ya Egypt zinkakumana ndi mfuti zimenezi, ndipo zambiri zinagwa.