Amayi a domesitiki a mu Lusaka ndi ntchito imene sanalipidwe

Ambiri mu Lusaka akamva za Home Economics amaganiza za atsikana ovala maepuloni akuphika masikono kusukulu. Koma amayi amene anaphunzitsa phunziroli, amene akuluakulu amawatchabe amayi a domesitiki, agwira ntchito yolemera m'makomboni mwathu, yambiri mwa iyo popanda malipiro.

Phunziroli linayambira kumamishoni. Mu 1915 Mabel Shaw wa London Missionary Society anafika ku Mbereshi, ku Luapula, n'kuyambitsa sukulu yogonera komweko ya atsikana. A Methodist nawo anali ndi yawo ku Chipembi. Ku Chalimbana, kufupi ndi Chongwe, sukulu ya Jeanes inkaphunzitsa amuna oyendera masukulu a kumidzi, uku akazi awo akuphunzira kusoka, ukhondo ndi kulera ana. Cholinga chinali choti mtsikana adzakhale mkazi woyenera wa mphunzitsi kapena wa kalaliki. Zoti iye mwini angadzakhale dokotala sizinali m'maganizo a ambiri mwa amene ankamuphunzitsa.

Lusaka anakhala likulu mu 1935, koma boma la atsamunda linkafuna amuna okha m'tauni, akazi atsale kumudzi. Lamulo la nyumba la 1948 litatsegula njira yoti antchito azikhala ndi mabanja awo, Chilenje ndi Matero anadzaza ndi amayi ochokera ku Fort Jameson (Chipata ya lero), Katete, Petauke ndi Nyasaland. M'maholo a welfare ndi m'matchalitchi munayamba makalabu a amayi. Zina zimene ankaphunzira kumeneko zinali za khitchini ya mzungu, yokhala ndi uvuni, pamene iwo anali ndi mbaula basi. Amayiwo sanagwe mphwayi: mphika pa mbaula, makala ena pa chivundikiro, keke n'kupsa bwinobwino.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, ntchitoyi inasintha nkhope. Mu 1967 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa National Food and Nutrition Commission, ndipo ku Natural Resources Development College kunayamba kutuluka anthu ophunzira za kadyedwe. Mdani tsopano anali kutupikana ndi kunyentchera kwa ana. Apa m'pamene ndimawalemekeza kwambiri amayi amenewa. Mphunzitsi ankaweruka kusukulu, kapena kupatula tsiku lake lopuma, n'kupita ku kiliniki pa tsiku la sikelo atanyamula mbaula ndi mphika. Sankauza mayi wosauka kuti agule nyama. Ankamuonetsa kuti mimba ya mwana ndi yaing'ono, ndipo phala lamadzimadzi limamukhutitsa popanda kumupatsa mphamvu. Phala likhale lolimbirako, muikemo nsinjiro, kapenta wosinja, kapena supuni ya mafuta ophikira. Chibwabwa, bondwe ndi kalembula zisaphikidwe mpaka kufera mumphika. Mwana adye kangapo pa tsiku, ndipo akhale ndi mbale yakeyake, chifukwa pa mbale imodzi ndi akulu ake ndiwo zimatha iye akadaumba mbamu yoyamba. Nzeru zimenezi zinapulumutsa ana amene lero ndi agogo, ngakhale eni akewo sadziwa.

Mtengo wa kopa utagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, umphawi unalowa m'nyumba zambiri. Ufa unakwera mtengo mpaka anthu anachita zipolowe ku Copperbelt mu Disembala 1986 ndi mu Lusaka mu Juni 1990. Mabanja ambiri anayamba kudalira ka pamela, kaphukusi kakang'ono ka ufa ka tsiku limodzi. Amene anaphunzira kusoka m'makalabu anatulutsa makina awo a Singer n'kumasoka mayunifolomu a sukulu, ena zitumbuwa pamsewu, ndalama n'kumazungulira m'chilimba.

Kenako kunabwera Edzi. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza dziko poyera kuti mwana wake Masuzgo anamwalira ndi matendawa, ndipo chaka chomwecho chipatala cha Salvation Army ku Chikankata chinayamba kusamalira odwala m'makomo mwawo. Maparishi ndi mipingo ya mu Lusaka inatsatira, chifukwa zipatala zinali zitadzaza. M'magulu odziperekawo, ku Chawama, Kanyama, Mtendere, George ndi kwina, munali aphunzitsi a domesitiki, ena atapuma kale pantchito. Iwo ndi amene ankadziwa kuphika chakudya chofewa choti munthu wa zilonda m'kamwa ameze, kukonza phala la HEPS la chimanga ndi soya, kusambitsa wodwala ali pamphasa, kumutembenuza kuti asachite zilonda zamsana, ndi kuchapa zofunda zake osadziika pangozi. Ankalowa m'nyumba zimene ngakhale abale ankaziopa. Ankagogoda n'kunena kuti, "Odi, tabwera kudzaona odwala," osatchula dzina la matendawo, kuti banjalo lisachite manyazi pamaso pa aneba. Anachita zimenezi kwa zaka zoposa khumi ma ARV aulere asanafike m'zipatala za boma chapakati pa zaka za m'ma 2000, podziwa kuti ambiri mwa amene ankawadyetsa adzawaperekeza kumanda a ku Chingwere kapena a ku Leopards Hill.

Lero phunziroli lilipobe m'masukulu, ndipo anyamata nawonso amalitenga. Ku sekondale lili ndi magawo monga Food and Nutrition, Home Management ndi Fashion and Fabrics. Chimene chimandipweteka n'chakuti makolo ena amalitengabe ngati pothawira ana amene masamu awakanika. Chinanso n'chakuti zaka zimene amayi aja anayenda m'makomboni sizinalembedwe pa fayilo iliyonse ya penshoni. Ambiri anangolandira chitenje cha gulu lawo, ambulera ya nthawi ya dzinja, ndipo amwayi njinga.