Kodi kumana munthu viza kungateteze zinsinsi za malonda?

Mu 2011, woyang'anira minda ya kampani ya DuPont Pioneer ku Iowa, m'dziko la America, anapeza bambo wina atagwada m'munda akufukula chimanga chimene chinali chitangobzalidwa kumene. Bamboyo anali Mo Hailong, nzika ya China, ndipo chimene ankafuna chinali mbewu za makolo zimene kampani imakwatitsa popanga chimanga cha haibulidi, mbewu zimene zimadya zaka zambiri ndi ndalama zankhaninkhani kuti zipezeke. Anavomera mlandu, ndipo mu 2016 analamulidwa kukhala m'ndende zaka 3.

Taonani kuti panadutsa zaka 5 kuti chigamulo chituluke. Lamulo la ku America la Economic Espionage Act la 1996 limapereka chilango chofika zaka 10 kwa wakuba chinsinsi cha malonda, ndi zaka 15 ngati wabera boma la dziko lina, koma woimira boma pa mlandu ayenera kutsimikizira khothi kuti chinthucho chinalidi chinsinsi, kuti mwini wake ankachisunga mosamala, ndiponso kuti woimbidwa mlandu ankadziwa chimene akuchita. Nthawi zina umboni umakwana woganiziridwayo atakwera kale ndege.

N'chifukwa chake maboma amatembenukira ku malamulo oona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Viza si ufulu wa mlendo ayi. Ofesi ya kazembe ikhoza kukukanizani popanda umboni wa mtundu umene khothi limafuna, ndipo kawirikawiri palibe kokachita apilo. Mu Meyi 2020, Donald Trump anasainira chilengezo cha nambala 10043 choletsa kulowa m'dziko la America ophunzira a maphunziro apamwamba ndi ofufuza a ku China amene anakhudzanapo ndi mabungwe othandiza asilikali a dziko lawo, ndipo pofika Sepitembala chaka chomwecho boma linalengeza kuti lalanda ma viza oposa 1,000. Lamulo lina, Protecting American Intellectual Property Act, losainidwa mu Januwale 2023, limalola kumana viza munthu amene boma lamutchula kuti waba zinsinsi zikuluzikulu.

Kwa ine monga loya, njira imeneyi ili ngati khoka la maso ang'onoang'ono: limakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, pamene chambo chochenjera chadutsa kunsi. Mo Hailong mwiniyo anali ndi chilolezo chokhala ku America mpaka kalekale, choncho chilengezo cha 2020 sichikanamukhudza. Komanso kukayikira munthu chifukwa cha kumene akuchokera kumalakwitsa. Pulofesa Anming Hu wa pa yunivesite ya Tennessee, wobadwira ku China, anazengedwa mlandu pa ndondomeko ya boma la America yofufuza anthu oba zinsinsi n'kupereka ku China, yotchedwa China Initiative, khothi linamupeza wosalakwa mu 2021, ndipo ndondomekoyo inathetsedwa mu 2022. Iyeyu anali ndi mwayi woimirira pamaso pa woweruza. Wophunzira wolandidwa viza alibe mwayi wotero.

Kuno kwathu, lamulo la Immigration Act limapatsa nduna mphamvu zolengeza kuti mlendo ndi wosafunika m'dziko, ndipo wolengezedwayo amathamangitsidwa. Koma ofesala wa pa chipata cha Chiponde amayang'ana pasipoti ndi chidindo, sadziwa zimene zili mu foni ya wapaulendo, ndipo chinsinsi chotumizidwa pa intaneti sichidutsa n'komwe pa chipata. Ngakhale mlendo atathamangitsidwa, chimene anatenga sichibwerera.

Choncho mwini maiwe a nsomba ku Mangochi kuno amene ali ndi kasakanizidwe kake ka chakudya cha nsomba, kapena mwini loji ku Cape Maclear amene ali ndi mndandanda wa makampani omutumizira alendo, asadalire a zolowa ndi kutuluka. Wantchito aliyense wodziwa zimenezi, Mmalawi kapena mlendo, asaine pangano losunga chinsinsi, ndipo mapepala ndi kompyuta zisakhale zotsegula aliyense, chifukwa tsiku lokasuma khothi lidzafuna kuona pangano limenelo ndi kumva amene ankasunga makiyi.